Mkaidi akatuluka pa geti la ndende: ndondomeko yomuperekeza kukhoti, kuchipatala ndi kwina

Munthu amene amapitapita ku chipatala cha Kamuzu Central kapena ku makhoti a mu mzinda wa Lilongwe salephera kukumana ndi akaidi amene atulutsidwa m'ndende kwa maola ochepa. Ena amakhala atamangidwa unyolo awiriawiri, pomwe ena amayenda manja ali omasuka, msilikali wa ndende akuwatsata pambuyo. Chithunzi cha zoterezi chikaponyedwa pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, pamabuka mtsutso. Alipo amene amadabwa kuti munthu wodwala angamangidwe bwanji unyolo, aliponso amene amakwiya kuti wopalamula akuyenda pakati pa anthu ngati sanalakwe kanthu. Ikamveka mbiri yakuti mkaidi wathawa ali kunja kwa mpanda, ambiri amathamangira kunena kuti pachitika zachinyengo, asanadziwe n'komwe momwe ntchitoyi imayenera kuyendera.

Kuperekeza mkaidi ndi ntchito yokhala ndi malamulo ake, ndipo mbali yaikulu ya chitetezo chake imakonzedwa geti lisanatsegulidwe. Zimene anthu amaona pa msewu ndi zotsatira chabe za zimene zinagamulidwa kale mu ofesi.

Mkaidi amatulukiranji m'ndende?

Mkaidi akakhala kunja kwa mpanda amakhalabe m'manja mwa lamulo monga momwe analili m'selo. Chasintha ndi chakuti khoma, waya ndi maloko kulibe, ndiye ntchito imene zinthu zimenezi zimagwira yagwera pa anthu awiri kapena atatu amene akumuyang'anira. N'chifukwa chake nthambi za ndende m'maiko ambiri zimaona ulendo wa kunja kuti ndi nthawi yoopsa kwambiri pa kasungidwe ka mkaidi.

Ulendo wofala kwambiri ndi wa kukhoti, makamaka kwa amene ali pa rimandi, kutanthauza anthu amene akusungidwa podikira kuti mlandu wawo uzengedwe ndipo khoti silinawapeze olakwa. Ulendo wina ndi wa kuchipatala, matenda akaposa zimene achipatala a m'ndendemo angathe. Palinso kusamutsidwa, monga kuchoka ku ndende ya Maula ku Lilongwe kupita ku ndende yaikulu ya Zomba, imene inamangidwa mu 1935, kapena kupita ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba komweko khoti likalamula kuti munthu akaunikidwe. Umenewu ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 300, ndipo umadya gawo lalikulu la tsiku. Akaidi ena amatuluka kukagwira ntchito m'minda ya ndende, ndipo mwa apo ndi apo mkaidi amaloledwa kukaona m'bale wake wodwala mwakayakaya kapena kukakhala nawo pa maliro.

Malamulo amene ali kumbuyo kwa ntchitoyi

Malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1994 ndiwo maziko. Gawo 19 limaletsa kuzunza munthu kapena kumuchitira zinthu zankhanza ndi zomuchotsera ulemu, ndipo silisankha kuti uyu ndi mkaidi, uyu ndi mfulu. Gawo 42 limanena kuti aliyense womangidwa asungidwe molemekeza umunthu wake, apatsidwe chakudya chokwanira ndi thandizo la chipatala lolipiridwa ndi boma, ndiponso kuti amene wagwidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Gawo lomweli likuti amene sanaweruzidwe asasakanizidwe ndi amene anagamulidwa kale, ndipo ana asiyanitsidwe ndi akuluakulu. Ufulu woonekera kukhoti ndi wolandira chithandizo sungatheke popanda wina wonyamula mkaidiyo kupita naye kumeneko, choncho kuperekeza ndi udindo wa boma, si chifundo cha msilikali.

Pa dziko lonse pali malamulo a bungwe la United Nations onena za kasungidwe ka akaidi, amene anayamba mu 1955, n'kukonzedwanso mu 2015 ndi kupatsidwa dzina la Nelson Mandela, yemwe anakhala m'ndende zaka 27. Malamulo a Mandela si pangano lomanga dziko monga lamulo la Nyumba ya Malamulo, koma ndiwo muyezo umene makhoti, oyendera ndende ndi ophunzitsa asilikali amayang'anapo. Lamulo 73 ndilo limakamba mwachindunji za ulendo. Likuti mkaidi asaonetsedwe kwa anthu kuposa momwe kukufunikira ndipo atetezedwe ku chipongwe ndi kujambulidwa mwachisawawa, asanyamulidwe m'galimoto yopanda mpweya kapena kuwala kokwanira, ndipo mtengo wa ulendowo ukhale wa nthambi ya ndende, mofanana kwa akaidi onse. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kuti achibale aidziwe, chifukwa tanthauzo lake ndi lakuti kupita kukhoti kapena kuchipatala sikuyenera kudalira kuti banja la mkaidi lili ndi ndalama ya mafuta kapena ayi.

Geti lisanatsegulidwe

Palibe mkaidi amene ayenera kutuluka popanda chikalata. Cha kukhoti chimachokera kukhoti komweko, ndipo chimatchedwa walanti, pomwe cha kuchipatala chimayamba ndi wachipatala wa m'ndende amene walemba kuti wodwalayu atumizidwe kwina, kenako mkulu woyang'anira ndendeyo amavomereza. Chikalata chikapezeka, amatsimikiza kuti amene waitanidwa ndi yemweyodi. Izi zimaoneka zazing'ono, koma m'ndende yodzaza anthu, momwe maina monga Banda ndi Phiri ali mbwee, n'kosavuta kutulutsa munthu wolakwika, ndipo mkaidi wa chilango chachitali angathe kuvomera dzina la mnzake amene akuyembekezeka kupatsidwa belo tsiku lomwelo. Amayerekeza nambala ya mkaidi, nkhope, zipsera za m'thupi ndi zimene zinalembedwa tsiku limene analowa.

Chotsatira ndi kuunika kuopsa kwa ulendowo, ndipo apa ndi pamene pamachokera kusiyana kumene anthu amakuona pa msewu. Mkulu wa ndende amayang'ana mlandu wa munthuyo, zaka zimene zamutsalira, ngati anayesapo kuthawa, ngati ndi wandewu, ngati ali ndi anzake kunja amene angayese kumulanditsa, komanso ngati pali anthu okwiya amene angafune kumubwezera. Munthu amene watsala ndi miyezi iwiri kuti atuluke alibe chifukwa chachikulu chothawira, pomwe amene wangogamulidwa kumene zaka 20 maganizo ake amakhala ena. Thanzi nalo limalowamo: wodwala khunyu, shuga kapena mphumu amafunika kunyamulirwa mankhwala ake, ndipo amene anaonetsapo maganizo ofuna kudzivulaza sasiyidwa yekha ngakhale pang'ono. Kuunikaku ndiko kumagamula chiwerengero cha asilikali, mtundu wa galimoto, ngati unyolo ufunika, ndi ngati apolisi apemphedwe kuthandiza. Nthambi zambiri za ndende sizilola msilikali mmodzi kupita yekha ndi mkaidi woopsa, pa chifukwa chodziwikiratu: akafuna kusaina pepala, kuyankha foni kapena kupita kuchimbudzi, mkaidiyo atsala ndi ndani?

Kenako pamachitika chipikisheni. Mkaidi amasechedwa potuluka, kuti asanyamule lumo, waya kapena kalata yokonzera chiwembu, ndipo galimoto nayo imayang'anidwa pansi pa mipando. Malamulo a Mandela akuti kusecha kwa munthu atavula kuchitike pokhapokha kukufunikiradi, pamalo obisika, ndipo wosechayo akhale wamwamuna kwa mwamuna, wamkazi kwa mkazi. Akaidi aakazi amayang'aniridwa ndi asilikali aakazi, ndipo izi sizisintha chifukwa chakuti ali pa ulendo.

Tsiku ndi ola la ulendo wa kuchipatala kapena wosamukira kwina kawirikawiri siziululidwa msanga, ngakhale kwa mkaidi mwiniwake. Achibale amamva kuwawa akapeza kuti m'bale wawo wasamutsidwa iwo osadziwa, ndipo kudandaula kwawo n'komveka. Chinsinsicho ndi cha nthawi ya ulendo yokha, chifukwa Malamulo a Mandela amapatsa mkaidi ufulu wodziwitsa banja lake za kusamutsidwa kwake, ndipo amalamula a ndende kudziwitsa munthu amene mkaidiyo anamusankha akadwala kwambiri kapena akagonekedwa m'chipatala.

Pomaliza zonse zimalembedwa m'bukhu la pa geti: dzina, nambala, ola lotulukira, kumene akupita, maina a operekeza ndi nambala ya galimoto. Monga mphunzitsi amene watenga ana asukulu pa ulendo amawerenga mitu pokwera basi, potsika ndi pokweranso, woperekeza akaidi amawerenga paliponse pamene gululo laima kapena lasintha manja.

Nkhani ya unyolo

Apa ndi pamene pali kusamvetsetsana kwambiri. Unyolo si chilango, ndipo lamulo 43 la Mandela likuletsa kuugwiritsa ntchito polanga mkaidi. Lamulo 47 likuletsa kotheratu matcheni, zitsulo za m'miyendo ndi zomangira zina zimene mwachibadwa chake n'zopweteka kapena zonyozetsa. Zomangira zololedwa, monga unyolo wa m'manja, zingagwiritsidwe ntchito poteteza kuti munthu asathawe pa ulendo, koma zichotsedwe akamaonekera pamaso pa woweruza. Chifukwa chake n'chakuti munthu amene waimirira m'khoti manja ali omangidwa amaoneka wolakwa mlandu usanayambe, komanso sangathe kugwira mapepala kapena kulemba.

Lamulo 48 likuwonjezera kuti unyolo ubwere pamene njira yopepukirapo siingathandize, ukhale wochepetsetsa pa zimene zikufunika, ndipo uchotsedwe msanga kuopsa kukatha. Ndiye ngati akaidi awiri atuluka pa geti limodzi, wina womangidwa wina womasuka, sizitanthauza msanga kuti pali kukondera. Kungakhale kukondera ngati kusiyanako kwachokera pa chuma kapena udindo wa munthuyo m'malo mwa kuunika kuja, ndipo n'chifukwa chake chigamulo chomanga kapena kusamanga chimayenera kulembedwa pamodzi ndi zifukwa zake, kuti wofufuza adzachipeze.

Kamangidwe kakenso n'kofunika. Unyolo wachitsulo uli ndi mano amene amalowerabe mkati dzanja likakankhika, ndiye msilikali wophunzitsidwa bwino amautseka kachiwiri kuti usapitirire kuthina, n'kuyesa ngati pakati pa chitsulo ndi khungu pali mpata. Unyolo wothina ukakhala maola angapo umatupitsa dzanja ndipo ungathe kuwononga mitsempha, zala n'kuchita dzanzi kwa nthawi yaitali. Munthu womangidwa manja kumbuyo sagonekedwa chafufumimba, chifukwa kagonedwe kameneko kamalepheretsa kupuma ndipo kaphapo anthu m'maiko osiyanasiyana. Kwa amayi pali lamulo losapatulapo aliyense: mayi samangidwa pa nthawi ya matenda a uchembere, pochira, ndi atangochira kumene. Izi zili m'Malamulo a Mandela komanso m'Malamulo a Bangkok a mu 2010, amene amakamba za akaidi aakazi.

Pa msewu

Galimoto ikanyamuka imayenera kupita kumene chikalata chanena, osapatukira kumsika, kunyumba kwa mkaidi kapena kwa msilikali. Mpata wothawa umapezeka pamene galimoto yaima komanso pokwera ndi potsika, ndiye mu mzinda monga Lilongwe, momwe magalimoto amathithikana pa milatho ndi pa maraundabauti m'mawa ndi madzulo, ola lonyamukira limasankhidwa mosamala. Woperekeza amakhala pakati pa mkaidi ndi chitseko, ndipo amakhala ndi njira yolumikizirana ndi kundende kuti galimoto ikafa kapena ikachedwa adziwitse msanga. Mkaidi samangiriridwa ku chitsulo cha galimoto, poti ngozi itachitika kapena moto utabuka sangathe kutuluka.

Mpweya si nkhani yaing'ono. M'mwezi wa October galimoto yotsekedwa ikaima padzuwa kunja kwa khoti imatentha ngati ng'anjo, ndipo anthu akathinana m'malo opanda mazenera chifuwa chachikulu chimafala mosavuta. Pa ulendo wautali pamafunika madzi akumwa, chakudya ndi malo odzithandizira amene anakonzedweratu, makamaka pa polisi kapena pa ndende ina ya m'njira, osati patchire.

Kuchipatala

Chipatala n'chovuta kuposa khoti chifukwa sichinamangidwe poganizira akaidi. Chili ndi makomo ambiri, anthu ambirimbiri, lumo ndi masingano pa tebulo, ndi zimbudzi zokhala ndi mazenera. Msilikali wodziwa ntchito amayamba walowa m'chimbudzi kuona zenera asanalole mkaidi kulowamo, kenako amaima pakhomo.

Pali mfundo ziwiri zimene zimakokana ndi chitetezo pamenepa. Yoyamba ndi yakuti zachipatala amagamula ndi achipatala: lamulo 27 la Mandela likuti wogwira ntchito m'ndende amene si wachipatala sangasinthe kapena kunyalanyaza chigamulo cha dokotala. Dokotala akati wodwala agonekedwe, kuchepa kwa asilikali si chifukwa chomubwezera kundende, ndipo akati unyolo uchotsedwe kuti aike diripi kapena ajambule chifuwa, umachotsedwa ndipo operekeza amapeza njira ina yotetezera, monga kuima pa makomo onse. Yachiwiri ndi chinsinsi cha wodwala. Mkaidi amene akufuna kufotokoza za HIV kapena za nkhanza imene wachitiridwa sangamasuke msilikali ali chilili pambali pake. Njira imene ambiri amatsata ndi yakuti woperekeza aime pamene akuona koma osamva, kupatula ngati dokotala mwiniwake wapempha kuti akhale pafupi.

Mkaidi akagonekedwa, asilikali amasinthana usana ndi usiku, ndipo wolowa amasaina kuti walandira munthuyo ali bwanji. Kumangirira wodwala ku bedi ndi nkhani imene imadzetsa mtsutso kulikonse. Muyezo wake ndi womwe uja wa lamulo 48: munthu amene wangochitidwa opaleshoni, kapena amene sangathe n'kudzuka komwe, palibe kuthawa kumene unyolo ukuletsa.

Pa mabenchi odikirira pamachitika zinthu zimene zimayesa mtima wa woperekeza. Mayi wachikulire amamva kuti mwana wake wabwera naye kuchipatala, amafika ndi kontena ya nsima ndi ndiwo yokulungidwa m'chitenje, n'kugwada pang'ono: "Bwana, ndi mwana wanga uyu, ndiloleni angodyako." Msilikali amayankha kuti, "Pepani amayi, pano sizitheka, mubwere nacho kundende tsiku loona akaidi." Kwa oonerera yankho limeneli limamveka louma mtima, koma chakudya chimene sichinasechedwe chingabise chitsulo, mankhwala kapena foni, ndipo anthu ofuna kubwezera mkaidi angathenso kudzera m'chakudya momwemo. Kukana n'koyenera, koma kukana mwaulemu ndi kuwalongosolera mayiwo njira yoyenera ndi mbali ya ntchito yomweyo.

Kukhoti ndi kusinthana manja

Kuno kwathu a pa rimandi nthawi zambiri amatengedwa ndi apolisi kupita nawo kukhoti, ndiye mkaidi amadutsa m'manja mwa nthambi ziwiri tsiku limodzi. Posinthana pamafunika kusainirana, kuwerenga, ndi kuuzana zofunika, monga kuti uyu amamwa mankhwala masana kapena kuti awiri awa asakhale pamodzi. Khoti likapereka belo kapena likamasula munthu, woperekeza samangomusiya pakhomo pomwepo popanda chikalata cha khoti ndi kutsimikiza kuti alibe mlandu wina umene akusungidwira. Pobwerera kundende amasechedwanso, amawerengedwa, ndipo bala lililonse latsopano limalembedwa ndi kuonetsedwa kwa wachipatala.

Mkaidi akayesa kuthawa

Kuthawa m'manja mwa lamulo ndi mlandu pawokha, ndipo kuthandiza mkaidi kuthawa, kaya wothandizayo ndi m'bale kaya ndi msilikali, ndi mlandunso. Lamulo 82 la Mandela limalola mphamvu podziteteza, poletsa kuthawa, kapena pamene mkaidi akukana lamulo loyenera, koma mphamvuyo isapitirire imene ikufunikira, ndipo nkhaniyo ikanenedwe kwa mkulu wa ndende nthawi yomweyo. Pa za mfuti, mfundo za United Nations za mu 1990 zikuti munthu wosungidwa angaomberedwe pokhapokha pali chiopsezo cha imfa kapena kuvulala koopsa, kapena pamene palibiretu njira ina yoletsera kuthawa kwa munthu amene ali chiopsezo chotero. Wakuba nkhuku amene wathawira m'chigulu cha anthu pa depoti si munthu womuombera, ndipo chipolopolo pamalo otero chingagwere aliyense. Chimene operekeza amachita ndi kusunga akaidi otsalawo choyamba, kudziwitsa kundende ndi apolisi, kenako kulemba lipoti limene lidzayerekezedwe ndi bukhu la pa geti pofufuza ngati panali kulekerera.

Maliro ndi matenda a m'banja

Kwa ife maliro a kholo ndi chinthu chachikulu, ndipo Malamulo a Mandela amazindikira zimenezi. Lamulo 70 likuti mkaidi auzidwe msanga za imfa kapena matenda aakulu a m'bale wake wapafupi, ndipo ngati zinthu zikulola, aloledwe kupita, woperekezedwa kapena yekha. Mawu akuti ngati zinthu zikulola akusonyeza kuti pempho lingakanidwe. Pa maliro pamasonkhana mudzi wonse, pangakhale achibale a munthu amene analakwiridwa, ndipo mkaidi amadziwa tinjira tonse ta kwawo kuposa omuperekeza.

Pamene ndondomeko ikumana ndi kuchepa kwa zipangizo

Zonsezi zimafuna galimoto, mafuta ndi anthu, ndipo ndende za m'dziko muno zakhala zodzaza kupitirira muyezo kwa zaka zambiri. Mu 2009, pa mlandu umene mkaidi Gable Masangano anasumira boma, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti kuthithikana ndi kusowa kwa mpweya m'ndende zathu n'kuchitira anthu nkhanza ndi kuwachotsera ulemu. Kudzaza kumeneku kumafika mpaka pa geti: msilikali aliyense amene wapita kukalondera wodwala kuchipatala wachoka pa chiwerengero cha otsala mkati, ndipo galimoto ikasowa, tsiku la mlandu limapita, munthu n'kukhalabe pa rimandi ndi kuwonjezera kudzaza komweko.

Njira imodzi imene Malawi wagwiritsa ntchito ndi kuchepetsa maulendowo. Majisitireti amapita kukakhala m'ndende momwemo, pa makhoti otchedwa camp courts, n'kuunika za belo ndi za anthu amene akhalitsa pa rimandi, mothandizidwa ndi alangizi a zamalamulo a bungwe la Paralegal Advisory Service, amene anayamba kugwira ntchito m'ndende za dziko lino mu 2000. Woweruza mmodzi ndi kalaliki wake akalowa pa geti la Maula, anthu ambiri amathandizidwa popanda unyolo kapena galimoto. Kulimbikitsa chipatala cha m'ndende kumathandizanso chimodzimodzi, ngakhale opaleshoni, uchembere wovuta ndi kuzenga mlandu wonse pamaso pa mboni zidzafunabe ulendo.

Wachibale kapena mkaidi amene akuona kuti ulendo sunayende bwino, kaya anapemphedwa ndalama ya mafuta, kaya unyolo unavulaza munthu, kaya tsiku la khoti linadumphidwa popanda chifukwa, angayambe kudandaula kwa mkulu wa ndendeyo kapena kwa woweruza mlanduwo. Kupitirira apo pali bungwe loyendera ndende limene linakhazikitsidwa ndi gawo 169 la malamulo oyendetsera dziko ndipo limatsogozedwa ndi jaji, palinso ofesi ya Ombudsman ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission. Podandaula n'kothandiza kutchula tsiku, ola ndi malo, chifukwa zimenezi ndi zimene wofufuza adzayerekeze ndi zolembedwa m'bukhu la pa geti.